Lathe yakale ikamadula shafiti yonenepa mbali imodzi, yambirani kufufuza pansi

Unali mwezi wa Januwale, mvula ili mkati, pamene bambo wina anabwera ndi shafiti ya makina opukusira chimanga kuti ndidule pa lathe, makina ozungulitsa chitsulo kuti mpeni uzichisema, malo okhala mabeyaring'i awiri a 6205, amene bowo lake ndi la mamilimita 25. Ndinadula, n'kuyeza mbali ya ku chuck, chogwira ndi kuzungulitsa chitsulo, ndipo micrometer, choyezera kunenepa, inagwera pamene ndimafuna. Kuyeza mbali inayo, yanenepa ndi mamilimita 0.06. Mwachangu ndinasuntha tailstock, chochirikiza nsonga inayo ya chitsulo, pang'ono, ntchito inatha, bamboyo anapita wosangalala. Mawa lake ndinamanga kachitsulo kafupi pa chuck pokha, popanda tailstock, ndipo nakonso kanatuluka konenepa kunsonga. Mnyamata amene ndimamuphunzitsa ntchito anandiyang'ana n'kuti, "Bwana, makinawa atopa basi, ndi a nthawi ya atsamunda."

Sananame za zaka. Lathe yanga ndi Myford ML7, mtundu umene anayamba kupanga ku Beeston, pafupi ndi Nottingham, mu 1946. Koma makina sangatope usiku umodzi, ndipo mu Okutobala lathe yomweyi inkadula mowongoka bwinobwino. Chimene chinasintha chinali tebulo. Ndinaimangirira pa tebulo la matabwa, ndipo matabwa amafufuma kukakhala chinyontho, n'kubwerera dzuwa likawomba. Akamayenda chomwecho amapotokola bedi la lathe, thupi lake lalitali limene zonse zimakhalapo. Vutoli linkabwera chaka ndi chaka, ine n'kumaimba mlandu chitsulo.

Chitsulo cha bedi chimapindika, ngakhale sichioneka

Anthu ambiri sakhulupirira zimenezi mpaka ataona ndi maso. Ikani dial gauge (choyezera cha singano choona kusuntha kochepa) pa saddle (ngolo yonyamula mpeni), nsonga yake igunde chitsulo chimene chili pa chuck, kenako masulani bawuti imodzi ya mwendo wa ku tailstock. Muona singano ikuyenda. Bedi lachitsulo cholemera chija lapumako.

Bedi likapotoka, saddle ikamayenda imapendekeka pang'onopang'ono, ndipo mpeni umayandikira kapena kutalikira chitsulo chimene mukudula. Mpeni ukasuntha ndi 0.03, kunenepa kwa shafiti kumasintha ndi 0.06, chifukwa umadula mozungulira, mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake kanthu kochepa pansi pa mwendo kamaoneka kakakulu pa micrometer.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Pezani chitsulo chozungulira cha mamilimita 25 kapena 30, chimangeni pa chuck chitatuluka pafupifupi mamilimita 120 mpaka 150. Tailstock isakhudze, ikankhireni kutali. Dulani pakati kuti pachepe, musiye timikombero tiwiri, kena pafupi ndi chuck, kena kunsonga. Nolani mpeni wa HSS (chitsulo cholimba chonoleka pa girayinda) ukhale wakuthwa kwambiri, ndipo dutsani pa timikombero tonse tiwiri ndi kadulidwe kopepuka, ka 0.02 kapena 0.03, osakhudzanso chogwirira cha cross slide, choyendetsa mpeni mopingasa, pakati pa ulendowo. Kudula kwambiri kumakankha nsonga ya chitsulo, n'kukupatsani bodza. Kenako yezani.

Ngati kunsonga kwanenepa, ikani shimu, kachitsulo kopyapyala kokwezera, pansi pa phazi lakutsogolo la mwendo wa ku tailstock, mbali imene mumaima inuyo. Ngati kunsonga kwaonda, shimu ipite phazi lakumbuyo la mwendo womwewo. Mangani mabawuti, dutsaninso, yezaninso. Mudzabwereza katatu, kanayi, mwina kasanu ndi kamodzi, ndipo musakwiye nazo. Shimu yogula ilipo, koma chitini cha zakumwa zoziziritsa kukhosi chimagwira ntchito. Khoma lake ndi lopyapyala pafupifupi 0.1, ndipo limadulika ndi sizasi wamba. Katoni, labala ndi matabwa musaikepo, zimafinyika m'masabata ochepa ndipo mudzayambiranso.

Ena amabwera ndi levulo ya amisiri omanga nyumba. Imeneyo siona kanthu apa. Levulo ya makina imatha kuona kupendekeka kwa 0.02 pa mita imodzi, ndipo ngati muli nayo, iikeni mopingasa bedi kufupi ndi headstock (mutu wa makina, kumene kuli chuck), kenako kumapeto kwa tailstock, thovu likhale malo amodzi konseko. Chofunika n'chakuti bedi lisapotoke. Kuti makina onse akhale chilili ngati madzi a m'beseni si nkhani yaikulu, pajatu m'sitima zapamadzi mumakhala malathe ndipo amadula bwino sitima ikupendama.

Kuti vutoli lisabwererenso, ine ndinachita kuwotchetsa tebulo la zitsulo zochindikala, n'kuika mabawuti okwezera pansi pa phazi lililonse, nati imodzi pansi ina pamwamba, kuti ndizisintha ndi sipanala m'malo molowetsa mashimu. Makina olemera ngati Colchester Student kapena Harrison amabwera ndi miyendo yawo, koma nawonso ali ndi mdani wofanana: konkire yopyapyala yothiridwa pa dothi lamakande, limene limatupa m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Lathe imene yangoikidwa kumene muiyeze pakatha sabata ziwiri, chifukwa imakhazikika, kenako muziiyeza mvula ikayamba komanso ikatha.

Tailstock ibwere pambuyo

Cholakwa changa tsiku lija chinali kuyambira pa tailstock. Mukaisuntha pofuna kubisa kupotoka kwa bedi, imakonza shafiti ya kutalika kumeneko kokha. Ikabwera yaitali kapena yaifupi, taper, kunenepa mbali imodzi kuja, yabweranso, ndipo mumakhala mukuthamangitsa mthunzi.

Bedi likawongoka, ndiye ikani chitsulo pakati pa ma centre awiri (nsonga zogwira chitsulo kumapeto konse) n'kudula timikombero tiwiri monga poyamba. Mbali ya ku tailstock ikaonda, ndiye kuti tailstock yasendera kwa inu, ikankhireni kumbuyo. Ikanenepa, ikokereni kwa inu. Muisunthe theka la kusiyana kumene mwapeza, dial gauge ili pa barrel, mpope wa tailstock wotuluka ndi kulowa, kuti muziona zimene mukuchita. Musanayeze, pukutani bowo la Morse taper, lolowamo centre, ndi kansalu, chifukwa kanyenyeswa kamodzi kokha m'menemo kamapendeketsa centre. Barrel isatuluke kwambiri, ndipo muziimanga nthawi zonse musanayambe kudula.

Pali tailstock zina zimene pansi pake panadyeka, moti centre yake inatsika. Zimaonekera pa drill: ikamalowa imadumpha kaye m'mwamba isanagwire pakati, ndipo ma centre drill ang'onoang'ono amangothyoka. Shimu yopyapyala pakati pa thupi la tailstock ndi mbale yake yapansi imaibwezera m'malo.

Ikamalira ndi kusiya mizeremizere

Vuto lachiwiri limakonda kuyenda limodzi ndi loyambalo. Mpeni ukangogwira, makina amayamba kulira mokweza, chitsulo n'kutuluka ndi timafunde ngati malata. Amisiri amati chatter. Pano pali zoyenera kuona zambiri, koma zimene zimapezeka kawirikawiri ndi zosalira ndalama.

Choyamba ndi msinkhu wa mpeni. Nsonga yake iyenera kukhala pakati penipeni pa chitsulo. Panikizani karula kachitsulo pakati pa nsongayo ndi chitsulo, makina atazima. Karulako kakaima chilili, zili bwino. Mutu wake ukapendekera kumbuyo, mpeni wakwera. Ukapendekera kwa inu, watsika. Mpeni wokwera umangokhula osadula, wotsika umakokedwera pansi n'kuluma.

Kenako onani zimene zatuluka kwambiri. Chitsulo chimene chatuluka pa chuck kupitirira katatu kunenepa kwake chimafuna tailstock kapena steady, chochirikiza chitsulo chapakati. Mpeni utuluke pang'ono chabe pa toolpost, chomangira mpeni. Top slide, slide ya pamwamba yonyamula toolpost, ibwezereni kuti ikhale pamwamba pa tsinde lake, isalendewere kutsogolo. Zitatu izi zokha zimathetsa kulira kochuluka kumene anthu amati ndi mabeyaring'i.

Za liwiro, chitsulo chofewa wamba pa mpeni wa HSS chimafuna mamita 25 mpaka 30 pa mphindi. Pa chitsulo cha mamilimita 50 ndiye kuti chizizungulira pafupifupi ka 190 pa mphindi, cha 25 pafupifupi ka 380. Kukayamba kulira, tsitsani liwiro, koma feed, kayendedwe ka mpeni pa chitsulo, musaichepetse, mwinanso muiwonjezere pang'ono. Apa m'pamene ophunzira amalakwitsa: akamva phokoso amachita mantha, n'kumayendetsa mpeni pang'onopang'ono, ndipo mpeni wopanda chodya umakhula n'kulira koposa.

Ndinene maganizo anga pa mipeni ya ma insert a carbide, tinsonga tosinthika tija, imene yadzaza masiku ano. Ndi yabwino pa makina amphamvu othamanga. Koma yambiri, makamaka ya negative rake, nsonga yake si yakuthwa, imadula mokankha, ndipo lathe yaing'ono ya mota yosafika hosipawa imodzi imangogwedezeka nayo. Makina awa anapangidwa nthawi ya HSS. Kachitsulo ka HSS konoledwa bwino pa girayinda n'kumalizidwa ndi mwala wa oyilo kamasiya shafiti yosalala kuposa insert yodula mtengo. Kuphunzira kunola kumatenga masana awiri kapena atatu, basi.

Ma gib ndi tizitsulo tija tokhala m'mphepete mwa ma slide, tosinthidwa ndi timasikuluwu. Gwirani toolpost ndi manja awiri, kokani ndi kukankha, dial gauge itagunda. Ikayenda, mangani timasikuluwuto kamodzikamodzi kuyambira pakati, mpaka slide iziyenda ndi kulemera pang'ono koma osagwira. Koma musanamange, tulutsani slide yonse muitsuke ndi parafini. Nthawi zambiri mumapeza phala lakuda la oyilo wakale ndi fumbi la zitsulo, ndipo munthu amene amamanga gib pamwamba pa phalalo amakhala akupera makina ake.

Mizere ina sichokera ku mpeni. Ikakhala yofanana ndendende pa liwiro lililonse, yang'anani lamba ndi mota. Lamba amene wakhala zaka makina ataima amauma n'kukhala ndi nundu pamene anapindikira pa pule, ndipo nunduyo imamenya spindle, shafiti yozungulitsa chuck, ulendo uliwonse. Mota ya single phase nayo sikoka mosalala, mphamvu yake imagunda ka 100 pa sekondi pa magetsi athu a 50 Hz, ndipo ikamangidwa molimba pa chitsulo cha lathe kugundako kumafika pa shafiti. Timalabala pansi pa mota ndi lamba watsopano zimathandiza. Ambiri masiku ano akuika mota ya three phase ndi VFD (kabokosi kosandutsa magetsi kukhala three phase) yolandira magetsi a m'nyumba a 230 V, koma yang'anani kaye kambale ka pa mota. Iyenera kukhala yotheka kulumikiza mwa delta pa 230 V, ndipo mota zambiri zakale za ku Britain zinalumikizidwa mwa star mkati, mawaya atatu okha ndi amene anatuluka. Mota yochokera ku America ya 60 Hz imayenda pang'onopang'ono kuno, imataya gawo limodzi mwa magawo 6 a liwiro lake, choncho manambala a pa tchati cha liwiro sakhalanso oona.

Spindle, pomaliza penipeni

Zonsezi zikakhala bwino koma kulira kukupitirira, makamaka podula ndi parting tool (mpeni wodulira chitsulo pawiri), ndiye yezani spindle. Ikani dial gauge pamwamba pa mphuno ya spindle, lowetsani ndodo yachitsulo m'bowo lake, nyamulani ndi mphamvu ya dzanja limodzi. Pa makina a mabeyaring'i osalala, monga ML7 ndi South Bend ya mainchesi 9, payenera kukhala kampata kochepa koti oyilo alowemo, cha m'ma 0.02 mpaka 0.03. Singano ikadumpha 0.08 kapena kupitirira, pali ntchito.

Pa ML7 mabeyaring'i ake ndi a white metal, ogawika pakati, ndipo pansi pa zivindikiro zake pali mashimu osanjikizana ngati masamba a anyezi. Mumasenda tsamba limodzi mbali iliyonse, n'kumanga, n'kuyendetsa makina kwa mphindi 20 dzanja lili pa chivindikiro. Kufunda n'kwabwino, kutentha kowotcha ndiye kuti mwapitirira. Super 7, imene inatuluka mu 1953, ndi yosiyana: kutsogolo ili ndi beyaring'i ya bronze ya taper, ndipo imasinthidwa ndi mphete za kumbuyo kwa spindle. Ma Colchester ali ndi mabeyaring'i a taper roller a Gamet, amene atsopano ake mtengo wake ungapose umene munagulira lathe yonse, ndiye musawamange mongoyerekeza popanda buku la makinawo. Ndipo headstock yeniyeniyo musaimasule pa bedi pofuna kuthetsa taper. Ndaonapo anthu atachita zimenezi chifukwa cha vuto la shimu imodzi, n'kutha mwezi akuvutika kuibwezera.

Chuck nayo ili ndi bodza lake. Zibwano zakale zimadyeka kukamwa, moti zimagwira chitsulo kumbuyo kokha, kutsogolo n'kumavina. Mangani chitsulo chosalala, muyese kulowetsa kapepala kopyapyala pakati pa chitsulocho ndi nsonga ya chibwano. Kakalowa, vuto si la lathe, ndi la chuck.

Oyilo

Pa Myford pali timabele tooneka ngati ta girizi. Si ta girizi, ndi ta oyilo. Pafupifupi Myford iliyonse imene yadutsa m'manja mwa makaniko wa galimoto imapezeka itapopedwa girizi, njira za oyilo zitatsekeka, ma slide akuyenda pouma. Muyenera kumasula ndi kutsuka, palibe chidule. Spindle imafuna oyilo wopepuka wa hydraulic wa ISO 32, ndipo bedi ndi ma slide zimafuna way oil wa ISO 68, amene amamatirira osayenderera. Akasowa, hydraulic 68 amaposa kusathira konse. Oyilo wa injini wogwiritsidwa kale ntchito ali ndi mwaye ndi tizitsulo, ndipo oyilo wina wa giyabokosi ya galimoto wa EP ali ndi sulphur amene amadya bronze. Pa South Bend mkati mwa headstock muli tinsalu ta felt tokweza oyilo ku spindle, timene tikauma oyilo safika ngakhale kapu ili yodzaza.

Girayinda isakhale pafupi ndi lathe. Fumbi lake likasakanikirana ndi oyilo wa pa bedi limasanduka msasa. Mukamaliza ntchito pukutani, pakani oyilo, fundikani ndi nsalu. Pulasitiki imasunga thukuta pansi pa denga lamalata, ndipo m'mawa mumapeza dzimbiri.

Pamene bedi ladyekadi

Nthawi zina mnyamata uja amakhala kuti wanena zoona. Ntchito zambiri zimachitikira pafupi ndi chuck, ndiye bedi limadyeka pamenepo. Ikani saddle pafupi ndi chuck, mangani loko yake pang'ono kuti iziyenda mogwiragwira, kenako iyendetseni kupita ku tailstock. Ikafika pakati n'kukaniratu, bedi ladyeka. Shafiti yaitali yodulidwa pa bedi lotere siituluka ndi taper yowongoka. Kusiyana kwake kumasintha m'njira, apa kwambiri apo pang'ono, ndipo shimu singathetse zimenezo. Pa ML7, imene bedi lake ndi lafulati, mukhoza kuyeza ndi micrometer kuchindikala ndi m'lifupi mwa njanji zake pafupi ndi chuck n'kuyerekeza ndi kumapeto kumene saddle sifikako.

Ngakhale zili choncho, lathe yodyeka pang'ono imagwirabe ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku: mabushi, mapini, mapule, ma axle a ngolo. Malo a beyaring'i amakhala aafupi, ndiye mumadula lililonse palokha n'kuliyeza palokha. Kupereka bedi kuti likaperedwe n'kokwera mtengo, ndipo sikuthera pa bedi pokha, chifukwa pansi pa saddle napo pamafuna kukonzedwa kuti pagwirizane.

Kuyeza kwa loko kumeneku ndi kumene muyenera kuyamba nako pogula. Pitani ndi dial gauge, micrometer, tochi ndi chitsulo chanu choyesera. Penti watsopano asakukopeni, ine ndimakhulupirira kwambiri lathe yakuda ndi oyilo kusiyana ndi yonyezimira yomwe bedi lake lapukutidwa ndi sandpepa dzulo. Zungulitsani spindle ndi dzanja pa giya iliyonse, tsegulani chivindikiro muone mano a back gear, amene amathyoka anthu akamamenya chuck pofuna kuimasula. Funsani za bokosi la zipangizo: magiya osinthira, zibwano zakunja za chuck, chuck ya zibwano zinayi, faceplate, ma steady. Zinthu zimenezi kuzipeza pazokha kuno n'kovuta, zimachita kuitanitsidwa ku South Africa kapena ku Britain. Leadscrew ya ML7, sikuluwu yaitali yoyendetsa saddle podula mazinga, ndi ya mazinga 8 pa inchi, ndipo kuti lathe ya mainchesi idule mazinga a metric ndendende pamafunika giya ya mano 127, chifukwa mainchesi 5 ndi mamilimita 127. Ena amagwiritsa ntchito giya ya mano 63 kapena 21, imene imayandikira mokwanira pa bawuti wamba. Mabawuti a makina akale a ku Britain ndi a Whitworth, BSF ndi BA, ndiye sipanala ya metric imangowazungulitsa mitu, ndipo bawuti mukaitaya simuipeza mu hadiweya.

Ponyamula, kumbukirani kuti lathe imalemera kumutu ndipo imagwa chagada mosachenjeza. Chotsani chuck ndi tailstock, chingwe chidutse pansi pa bedi osati pa leadscrew kapena pa zogwirira, ndipo pa galimoto muimange kumwamba osati m'miyendo mokha. Ikafika, musafulumire kuiweruza. Lathe imene kwa wogulitsa inkadula mowongoka idzakhala ndi taper ikangoima pa simenti yanu, mpaka mutaikhazika.

Yanga ija, itakhala pa tebulo lazitsulo, timikombero tiwiri tinasiyana ndi 0.01 pa mamilimita 120. Chitsulo choyeseracho ndinachipachika pa msomali kuseri kwa makina, ndipo tsopano mnyamata uja ndi amene amachimanga pa chuck mu Disembala ndi mu Meyi, n'kulemba manambala ake pakhoma ndi choko.